Mpando wa Kumanzere

Sendererani kuno nonse. Iwe wa kukhomo, tseka chitsekocho, mphepo ya dziko lino sidikira kuitanidwa. Mafoniwo agonekeni chafufumimba. Abusa anena zawo m'mawa uja kutchalitchi, kuti chatha chaka chigonereni aWedisoni Phiri, munthu wa manja odala, tate wa Amalawi a mu Leicester. Sananame abusa. Koma iwo anawadziwa aWedisoni ali pa benchi la kutsogolo, atamanga tayi. Ine ndinawadziwa ali alamu anga, amuna a achemwali anga aEsinati. Ndiye khalani chete, mumve kumene abusa sanafikeko.

Enanu mukuwakumbukira ndi dzina lakuti aTepi. Tepi yoyezera ija sinkachoka m'khosi mwawo. Kutchalitchi inkabisala m'kati mwa jekete, kumaliro inkasuzumira pansi pa sikafu. Ukawapatsa moni, maso awo sankayambira kunkhope, ankayambira m'chiuno. Ankakonda kunena kuti pakamwa pa munthu pamanama koma chiuno sichidziwa bodza. Manesi onse amene anafika muno ali ndi mayunifolomu okwekwera pansi, anawapindira ndi iwo, osalandira kanthu. Mabulauzi oyera a amayi a mpingo, iwo. Koma akamaliza kukusokera, ankakupatsira chovalacho pa anthu n'kufunsa mokweza kuti chaka chathachi wadya za ndani. Anthu ankaseka. Iwenso unkaseka, chifukwa chovala unali utalandira kale.

Ndiye panali kagalimoto kaja. Ana inu munakaona, enanu munajambulitsa mutakatsamira. Kofiira ngati tsabola wakupsa, kotsika ngati ukukhala pamphasa, denga lansalu lochita kupinda, mipando iwiri basi. Nditakaona koyamba ndinafunsa kuti nanga apongozi amakhala pati, nanga mbuzi. Alamu anandiyang'ana ngati ndalavula m'chitsime. Anati galimoto imeneyi sinapangidwire katundu, inapangidwira liwiro, ndipo manja amene anasoka mipando yake ndi awa.

Mbiri yake ankaifotokoza motere. Kunja kwa mzinda uno, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda ya nkhosa, kunali Mngerezi wina wodziwa kupanga mafupa a galimoto ndi kuikamo injini, koma thupi linkamukanika. Kutsidya kwa nyanja, ku Italy, kunali banja lina lodziwa kuumba matupi osalala ngati nsomba, koma lopanda injini. Anamvana, anadyera pamodzi, anagwirana chanza. Matupi ankabwera pa malole, kuwoloka pa sitima, n'kudzavekedwa pa mafupa kuno. Wina kupopera penti, wina kulumikiza nthambo za magetsi, alamu anga kusoka mipando ya chikopa. Unali ukwati wa anthu osamvana chilankhulo, wopanda ankhoswe, ndipo sunakalambe. Tikafunsa kuti unathera chiyani, alamu ankati azungu ndi azungu, n'kuloza kagalimotoko. Ankati potseka chipata cha fakitaleyo mabwana anawasankhira imeneyi pothokoza manja awo.

Koma ndibwerere kumbuyo, kwathu ku Ntcheu. AWedisoni anali telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye wina pa boma. Achemwali anga panthawiyo anali bango lenileni, mphepo ikaomba unkafuna kuwagwira. Diresi laukwati anasoka mkwati yekha, ndipo mudzi wonse unati Esinati wapata. Amwenye atayamba kusamukira kuno, bwana wa sitolo uja anawaitanitsa aWedisoni kuti adzasoke m'mafakitale a zovala, ndipo kuchokera kumeneko ndi kumene anakalowa ku magalimoto. Achemwali anatsala ndi khasu ndi ana, woyamba wake Yohane. Mvula zinabwera n'kupita, ana anamera ndevu.

Tsiku lina munthu wochokera kuno anabweretsa kaseti. Tinabwereka wailesi, mudzi wonse unakhala pabwalo. Mawu a alamu anatuluka, akuitana achemwali ndi mfunda wawo, akuti Nangozo, konzekani, ndili ndi galimoto, ndipo mpando wa kumanzere ndasokera inu, pa muyeso wanu wa tsiku la ukwati umene ndinausunga m'mutu. Akuti palibe mkazi wina adzakhalepo. Amayi analuluta. Kasetiyo inaimbidwa mpaka inatafunika.

Apa ndi pamene mayi athu anaitana ife ana awo aakazi. Anati mwana wanga sangapite kwa mwamuna wake mafupa a pakhosi ali pamtunda ngati wochokera m'chaka cha njala, adzati tinkamumana. Ndiye achemwali tinawalanda khasu. Nkhuku zinatha pakhomo. Mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, futali wothira nsinjiro zambiri, mkaka wa ng'ombe za amalume, thobwa m'mawa ndi masana. Pofika tsiku la ulendo, khosi linali ndi mizere, mikono yonyezimira, akamayenda nthaka inkamva. Aliyense wokumana nawo ankati, "Koma ndiye mwanenepa, Nangozo, mukawachititsa ulemu aPhiri!" Tinawaperekeza ndi nyimbo mpaka kumsewu.

Za pa siteshoni ya basi ya muno sindinazione, anandiuza eni ake. Amalawi panthawiyo anali ochepa, ndipo onse anabwera kudzalandira mkazi wa aTepi. Kagalimoto kanafika kakulira ngati njuchi zolusa. Alamu anatsika, anazungulira, anatsegula chitseko cha kumanzere ngati bwana. Achemwali anawerama, analowetsa mwendo umodzi, anatsitsa thupi. Chiuno chinakakamira pakati pa chitseko ndi linunda limene limadutsa pakati pa mipando. Anatuluka, anayesa cham'mbali. Anayesanso atagwira mpweya. Anthu anayamba kuyang'ana nsapato zawo, kenako wina kumbuyo analephera kudzigwira.

Alamu anaima chilili, tepi ili m'manja. Anati, "Nangozo, ine ndinasokera mkazi amene ndinamusiya. Uyu ndi ndani?"

Anatenga kachikwama ka m'manja momwe munali ufa ndi usipa umene tinawapatsira, anakaika pampando paja, anakamangirira lamba, n'kuliza injini. Usipa unapita pa galimoto. Achemwali anakwera basi ya ku Spinney Hill ndi mayi wina wachifundo, sutikesi ili pamiyendo.

Kuyambira tsiku limenelo achemwali anayamba kulimbana ndi thupi lawo. Mitanda iwiri ya nsima inasanduka umodzi, umodzi unasanduka theka. Anapeza ntchito yokolopa kunyumba yosungirako okalamba, ndipo ankapita wapansi basi ikuwadutsa, chisanu chikuluma. Mnofu unkachoka kumaso ndi m'mikono, koma chiuno cha mkazi wobereka ndi mafupa, sichimva njala. Chaka chilichonse nyengo yadzuwa, Amalawi akasonkhana kupaki kudzawotcha nyama, alamu ankafika ndi kagalimoto atakapolisha mpaka kuona nkhope. Ankadikira kuti anthu akhute, kenako n'kuitana: "Nangozo, tabwerani tiyese." Achemwali ankapukuta m'manja, kumangitsa chitenje, n'kupita. Zinasanduka ngati mbali ya mwambo, pakati pa pemphero ndi mpira wa anyamata.

Ine ndinabwera mochedwa, mwana wanga Tiyamike atapeza unesi kuchipatala chachikulu n'kundiitana kuti ndidzalere inu adzukulu anga. Nditaziona ndi maso anga kupaki kuja, m'mawa mwake ndinalawirira kugaraja kumene alamu ankasunga kagalimotoko, kuseri kwa nyumba zija zogundana. Achemwali ananditsatira.

"Alamu," ndinatero, "kodi inu si telala? Thalauza likathina simumalimasula?"

"Thalauza limamasulidwa, mlamu. Mpando sumasulidwa."

"Ndiye chikopa cha ng'ombe yakufa chapambana mkazi wamoyo?"

"Ng'ombeyo yasunga muyeso wake mpaka lero. Afunseni achemwali anu kumene anataya wawo."

"Ndibwerekeni sizasi yanuyo, ndiumasule ndekha muone."

"Mukadzaukhudza, mlamu, mudzabwerera ku Ntcheu wapansi, nyanja muli kuwoloka chosambira."

Ndinali nditatambasula kale dzanja kulunjika pamene panali sizasi. Amene anandigwira mkono si alamu. Anali achemwali. Anati, "Iwe, usiye mpando wanga."

Mpando wanga. Umu ndi mmene ankautchulira, ndipo alamu ankadziwa kuuthirira mtima umenewo. Chaka china kupaki komweko kunali namwino wachitsikana wongofika kumene, wowonda ngati udzudzu. Anathamangira kuchitseko cha kumanzere akuti, "Ankolo, ndikhaleko kamodzi ndijambulitse, nditumize kumudzi aziti ndafika!" Alamu analumpha ngati aponda moto, n'kumumenya padzanja. Anati pamenepo pali mwini wake, ndipo ngakhale mfumukazi ingapemphe, ingaime panja. Amayi onse anati eee, chikondi chake ndi chimenechi, amuna athu akadamva. Achemwali anamwetulira njira yonse mpaka kunyumba, ndipo madzulo ake anangomwa tiyi wopanda shuga.

Kenako chaka china thupi linayamba kutsika lokha. Masiketi ankagwa, mphete inkavuka posamba m'manja. Amayi kutchalitchi ankawazinga: "Mayi Phiri, mwadayeta bwanji? Tigawireniko nzeru, ife mashifiti ausiku atinenepetsa." Achemwali ankangoseka, dzanja lili pamimba. Ululu umene unkawadya m'katimo sanauze munthu. Amene anaona ndi Tiyamike, tsiku lina akudya nawo, kuti maso asanduka achikasu.

"Amayi aakulu, mawa tipite kuchipatala. Kuwonda uku si kwabwino."

"Dikira kaye, mwanawe. Kwangotsala pang'ono."

"Kwatsala pang'ono kuti chiyani?"

"Iwe ukudziwa."

Tiyamike anachonderera, analira, anakalankhula ndi alamu. Alamu anati mkazi akayamba kumvera, anthu asamusokoneze. Pamene achemwali anagwa kuntchito n'kunyamulidwa, madokotala anati chotupa chafalikira kale, chotsala ndi kuwapititsa kunyumba ija kumene amasamalirako anthu amene sachira.

Tsiku lowapititsa kunali m'mawa wa mitambo. Tiyamike anali atayala mapilo kumpando wakumbuyo wa galimoto yake. Achemwali anatuluka atavala chilundu chawo chabuluu cha pa zikwati, duku lomanga bwino, ine ndi Yohane, amene anali atatsatira makolo ake kuno, titawagwira uku ndi uku. Anayang'ana mapilo aja n'kupukusa mutu.

"Bambo a Yohane," anatero, "katulutseni."

Alamu sanafunse kawiri. Kagalimoto kanabwera kudzaima pakhomo. Anavula tepi m'khosi, anaizunguliza m'chiuno mwa mkazi wawo pamsewu pomwepo, aneba akusuzumira m'makatani. Anaiyang'ana, anagwedeza mutu, anatsegula chitseko. Achemwali analowetsa mwendo, anatsitsa thupi. Tinamva kubuula kamodzi, kochepa, ngati kwa mwana ali m'tulo. Chitseko chinatsekeka.

Alamu anatembenukira kwa ife, nkhope ikuwala.

"Mwaona? Mpando sunalakwe."

Achemwali anali kupuma mofulumira, koma ankamwetulira. Anati, "Tidzere kumene kuli nkhosa kuja, aPhiri. Ndikaoneko kumene munkapangira." Alamu anayang'ana kumwamba. Anati mvula ikubwera, ndipo chikopa chimenechi sichigwirizana ndi madzi. Anapita molunjika, ulendo wosafika ngakhale kumsika wa m'tauni. Ife tinkatsatira pambuyo, tikuona kaduku kabuluu kakugwedezeka. Kutsika kwake anachita kuwazula manesi awiri. Powasambitsa madzulo ake, Tiyamike anandiitana n'kundionetsa: chiuno chonse, uku ndi uku, chinali chakuda bii, ngati munthu wopanidwa ndi chitseko. Munthu wotsala mafupa okha, mpando unamulumabe.

Achemwali anandigwira dzanja. Anati, "Mng'ono wanga, ukawauze kumudzi kuti ndinakwera."

Sanatulukemonso m'nyumba imeneyo. Uthengawo ndinaupereka pafoni, ndipo ndinamva amayi akululuta ku Ntcheu, maliro ali m'kati.

Alamu anakhala zaka zina ndithu. Miyendo inatupa, mawondo anauma, mpaka kutsikira m'kagalimoto kaja kunawakanika. Ankakhala pampando wapulasitiki pakhomo pa garaja, atamangirira nsanza kundodo, akupukuta fumbi patalipatali. Odutsa ankaima kuwamvera. Ankawauza kuti mkazi wawo anali wovuta kumva, koma pamapeto pake anakwera, ndipo kudekha kumapindula. Anamwalira ali m'tulo, osavutika, abusa akuti ngati wolungama.

Tsopano mumve za tsiku la maliro awo, chifukwa ambiri a inu munali m'kati mukudya mpunga. Yohane anabweretsa kagalimotoko n'kukaimika pakhomo pa holo ya tchalitchi, kuti kaperekeze mwini wake. Ine ndinatuluka kukapuma mphepo. Ndinapeza nkhalamba ina yachilendo ikukazungulira, ikuseka mpaka kutsokomola. Anali aTembo a ku Chipata, amene ankapopera penti ku magalimoto kuja. Ntchito itatha anasamukira ku Hyson Green ku Nottingham, ndipo za Amalawi a kuno sankazidziwa, anangomva kuti mnzawo wakale wagona. Yohane anatulukanso, mbale ili m'manja.

"Iyayi! Ikali na moyo iyi motoka?" anatero aTembo. "Amai, iyi ndiye inatichotsa nchito ise!"

Ndinafunsa kuti inakuchotsani bwanji. Anatsegula chitseko cha kumanzere n'kumenya linunda lapakati lija ndi chikhatho. Anati Mngerezi anakankhira linundalo kumanzere kuti woyendetsa apeze poika miyendo. A ku Italy nawo anaumba thupi lofinya m'mbali kuti lioneke ngati nsomba. Aliyense anapanga zake kwawo, ndipo zitakumana, mpando wa kumanzere unafinyidwa mbali zonse ziwiri.

"Manje azungu anali kugula kuti anyamule akazi awo," anatero. "Mkazi ayesa, akana. Chisumbali, chija imwe mukamba ati chibwenzi, chiyesa, chikana. Motoka ibwerera! Ise tinali kuitana ati mpando wa chisote, chifukwa ni chisote chabe chinali kunkhalapo."

"Koma uwu," ndinatero, "si anasokera akazi awo, pa muyeso wawo?"

"Akazi a ndani, amai? Yonse inali so, patani imodzi. Wedisoni ndiye anadula, ndiye anayamba kuona. Anayenda na tepi yake kwa bwana, akuti bwana apa munthu sangankhale. Bwana akuti uza aja a ku Italy akulitse thupi. Aja akuti uza Mngerezi asunthe linunda. Uyu akuti muyeso wanga uli bwino, uja akuti wanga uli bwino, mpaka chipata chinavalika. Zotsala zinali mu yadi, udzu kumera. Amene ali na posunga, atenge. Wedisoni anasankha yofiira."

Anapitiriza kuseka, akupukuta misozi ndi chipewa. Kenako anaona nkhope yanga, anaonanso Yohane, mpunga ukutayikira pa nsapato zake.

"Nalakwa, amai?"

Ndinati simunalakwe, bambo, lowani mukadye.

Ndiye alamu ankadziwa. Ankadziwa pojambula kaseti ija, ankadziwa pa siteshoni, ankadziwa chaka chilichonse kupaki, ndipo namwino wa ngati udzudzu uja anamenyedwa padzanja chifukwa naye akanakakamira anthu akuona. Kuvomera kuti mpando ndi wolakwa kunali kuvomera kuti tate wa Amalawi anatola zotaya za azungu. Panafunika wina woti alakwe m'malo mwa mpandowo, ndipo ife tinamutumiza tokha, titamunenepetsa, ndi nyimbo.

Mufuna kudziwa za otsalawo. ATembo anakwera basi yawo ya ku Nottingham osadya, ndipo sanapondenso muno. Mngerezi uja akuti anafa kalekale, shedi yake amasungiramo zakudya za nkhosa. A ku Italy ndinamva kuti anayamba kuumba mabafa osambiramo, kaya amenewo anthu amakwanamo. Tiyamike akadali kuchipatala, ndipo mayi akamuuza mosangalala kuti akuwonda popanda chifukwa, iye samuyamikira, amamugwira dzanja n'kupita naye kwa dokotala. Mwezi usanathe Yohane anagulitsa kagalimotoko kwa mzungu wina wosonkhanitsa zakale, ndipo lero kutchalitchi mwaona nokha kuti malo a Yohaneyo anali opanda munthu. Achemwali ndi alamu agona moyandikana kumanda a kuno, achemwali kumanzere. Manda okhawo anakumba pa muyeso umodzi.

Wogula uja ankaidziwa mbiri ya magalimoto amenewa. Anabwera ndi sipanala, ndipo asanakweze kagalimotoko pa lole anamasula mpando wa kumanzere, akuti pamenepo adzaika bokosi la zida. Anausiya pansi m'garajamo. Dzana ndinapita kukaona, popeza makiyi abwezedwa kwa eni ake kumapeto kwa mwezi. Pa simenti pali zipsera zinayi pamene panali matayala, pakati pake banga la oyilo. Mpando wapulasitiki uli pakhomo, ndodo ya nsanza itatsamira. Tepi ikulendewera pa msomali. Mpando wa achemwali uli pakona, chikopa chake chikadali chatsopano. Ndinagwada n'kuuyeza ndi mkono monga tinkayezera nsalu kwathu: chigongono mbali iyi, ndipo ndisanatambasule zala, dzanja linali litagunda kale mbali inayo. Nditadzuka, mphaka wa aneba analowa pansi pa chitseko, analumphirapo, anazungulira kamodzi n'kugona. Anakwanapo bwinobwino.